Unkhoswe Wanga ku Evington

Ana anga, Tadala ndi Yamikani, mutu uno ndaulemba m'Chichewa mwadala. Ndikudziwa kuti mukauwerenga mudzandiyankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse, koma powerengapo muvutikeko pang'ono. Ndikufuna mudziwe chifukwa chake m'fayilo yanga ya ntchito muli kalata imodzi yondichenjeza, musadzaipeze ine nditapita n'kuganiza kuti bambo anu anaba kanthu.

1983 mpaka 2015

Ntchito yanga yoyamba inali ya pa positi ofesi ku Balaka, kusankha makalata ndi kudinda masitampa. Anandisamutsira ku Mchinji, kenako ku Limbe, ndipo konseko mabwana ankandidziwa ngati Chimwaza wosataya kalata. Mu 2004 mayi anu atapeza ntchito ya unamwino kuno ku Mangalande, tinafikira ku Normanton, mu Derby. Kumeneko ndinayamba ndi fakitale ya masangweji, kuika letesi pakati pa buledi mpaka miyendo kuchita dzanzi. Kenako ndinalowa ntchito ya keya, yosamalira okalamba, ndipo ndi imene ndapumira.

2016

Titasamukira ku Leicester ndinapeza malo pa nyumba ina ya okalamba ku Evington. Manejala wathu anali Mayi Sandra, mzimayi wamtali woyenda ndi mafomu m'khwapa, amene ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti chinthu chimene sichinalembedwe sichinachitike. Antchito tinali operewera chaka chonse. Shifiti ya anthu asanu tinkaigwira atatu, magolovesi akatha tinkakapempha kukhitchini, ndipo makina onyamulira odwala analipo amodzi okha, moti tinkawalimbirana ngati mjigo wa m'chilimwe. Mnzanga wa pa shifiti anali Mayi Tembo a ku Chipata, ku Zambia, mayi wamphamvu amene ankatha kuyala bedi munthu ali pomwepo osamudzutsa.

M'chipinda cha nambala 12 munali a Dokotala Ashwell, a zaka 86. Udokotala wawo sunali wa odwala ayi. Anaphunzitsa pa yunivesite moyo wawo wonse za mabuku a Angerezi akale, a zaka mazana asanu ndi limodzi kapena kuposa apo zapitazo, nthawi imene mabuku ankalembedwa pamanja pa zikopa za nkhosa. Akazi awo anali atamwalira kalekale, ana analibe. Mutu wawo unali wakuthwa kuposa wa tonsefe, thupi lokha ndi limene linali litakana.

Tsiku loyamba ndikuwasambitsa, anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Bambo Chimwaza, inu ndinu munthu wa magazi ochuluka."

Ndinadziyang'ana m'manja poganiza kuti ndadzicheka. Iwo anaseka, n'kundifotokozera kuti makolo awo ankati m'thupi la munthu muli timadzi ta mitundu inayi: magazi, makhololo, ndulu yachikasu ndi ndulu yakuda, ndipo tomwe tachuluka ndi tomwe timaumba khalidwe. Wa magazi amakonda kuseka, wa makhololo sasunthika msanga, wa ndulu yakuda amangokhala ndwii, wa ndulu yachikasu sachedwa kupsa mtima.

"Nanga Mayi Sandra?" ndinafunsa motsitsa mawu.

"Ndulu yachikasu yokhayokha," anatero, "mpaka m'zikhadabo."

Kuyambira pamenepo nthawi yosamba inasanduka kalasi. Ndikuwapukuta msana, iwo ankandiphunzitsa za machimo asanu ndi awiri amene anthu akalewo ankawajambula ngati mtengo. Muzu wake unali kunyada, ndipo kaduka, mkwiyo, ulesi, umbombo, kususuka ndi chiwerewere zinali nthambi. Chimene chinandisangalatsa n'choti tchimo lililonse analipezera mankhwala ake, ngati a sing'anga: kunyada ankakuchiza ndi kudzichepetsa, mkwiyo ndi kuleza mtima, kaduka ndi kukondwera mnzako akapeza bwino. Vuto linali loti a Dokotala anagawa machimowa kwa anthu a m'nyumbamo, ndipo sankabisa. Tsiku lina Mayi Tembo analowa m'chipinda chathu chopumira akupuma mwaphuma.

"Imwe a Chimwaza, mudala wanu uja akamba ati ine ndine waulesi. Ine! Nasebenza mashifiti sikisi wiki ino!"

Nditakawafunsa, a Dokotala anati ulesi umene akalewo ankauopa sunali wa manja. Unali wa mtima umene watopa mpaka kuleka kusamala za anthu, ndipo umagwira kwambiri anthu olimbikira ntchito. Mayi Tembo atamva zimenezi anati, "Nanga mankhwala yake ni chani?" Ndinati a Dokotala akuti n'kulimba mtima. "Muwauze mankhwala yake ni holide," anatero. Koma kuyambira tsiku limenelo tiyi wa m'chipinda 12 ankafika ndi mabisiketi awiri.

2017

Kumayambiriro kwa chaka kunabwera Mayi Doreen, a zaka 82, amene anagwira ntchito zaka makumi atatu m'fakitale ya masokosi momwe muno mu Leicester. Mawu awo anazolowera kupikisana ndi makina, moti akanong'ona anthu a pakhonde ankamva. Aliyense ankamuitana kuti "bakha wanga", monga amachitira anthu a dera lino akamukonda munthu. Tsiku loyamba ndinakhumudwa, ndinkaganiza kuti akunena za kayendedwe kanga.

A Dokotala anawaona koyamba m'chipinda chodyera, Mayi Doreen akukalipira wophika kuti kasitadi wake ndi madzi otsukira mbale. Ndinaona supuni ya a Dokotala itaima m'malere. Tsiku limenelo sanamalize chakudya, mawa lake anangolawa, ndipo pofika Lachisanu mbale zinkabwerera kukhitchini mmene zinabwerera.

"Mukumva kupweteka pati?" ndinawafunsa.

"Tsekani chitseko," anatero. Nditatseka anati, "Ndalasidwa, Bambo Chimwaza. Muvi wa chikondi umalowera m'diso n'kukaima mumtima. Zizindikiro zonse ndili nazo: chakudya sichikoma, tulo sitibwera, nkhope yayera. Ndaphunzitsa za matendawa zaka makumi anayi, sindinkadziwa kuti ndi enieni."

Anandiuza kuti chikondi cha m'mabuku awo chinali ndi malamulo. Mwamuna amakhala kapolo wa mkaziyo, amamutumikira osayembekezera malipiro, amavutika mwakachetechete, ndipo kuvutikako kumamusandutsa munthu wabwino kuposa mmene analili. Chachikulu, dzina la mkaziyo lisamveke kwa anthu. Pamafunikanso munthu wokhulupirika woyenda pakati pawo.

"Kwathu timati nkhoswe," ndinatero.

"Ndiye ndinuyo. Lumbirani."

Anandigwiritsa dzanja pa buku lalikulu lakuda limene linali pambali pa bedi, ine n'kulumbira kuti sindidzauza munthu. Pambuyo pake ndinazindikira kuti linali dikishonale, koma lumbiro ndi lumbiro. Chinsinsicho ndinachisunga kwa aliyense kupatula mayi anu, amene malamulo a zinsinsi sawakhudza. Iwo anaseka mpaka kutsamwa, n'kunena kuti, "Unkhoswe wa Yamikani mukuzengereza, koma wa azungu mwauthamangira."

Kalata yoyamba inali ya masamba anayi. Ndinaibisa m'thumba la yunifomu n'kukaipereka pamodzi ndi tiyi wa folo koloko. Mayi Doreen anavala magalasi, anaitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa kuti, "Bakha wanga, ichi n'Chijeremani?" A Dokotala anali atailemba m'Chingerezi chakalecho, chokhala ndi zilembo zina zimene ngakhale pa kompyuta palibe. M'munsi sanalembe dzina, anangoti kapolo wanu. Ndinawauza mayiwo kuti yachokera kwa bambo wa tayi amene amakhala pafupi ndi khomo la chipinda chodyera.

"Wowonda uja? Kamuuzeni kuti ngati ali ndi mawu abwere. Ndimakhala pawindo pano tsiku lonse, sindipita kudansi."

Nditakapereka yankho, a Dokotala anawomba m'manja. "Akundiyesa! Ndi mmene ziyenera kukhalira. Mkazi wolemekezeka savomera msanga. Ena ankadikira zaka zisanu ndi ziwiri."

"A Dokotala," ndinatero, "inu muli ndi zaka 87."

Sanandimve. Makalata anapitirira, imodzi pa sabata, mpaka anakwana khumi ndi imodzi. Ine ndinkawanyengerera ndi supu ndi yogati, n'kumalemba pa fomu kuti adya pang'ono, zomwe zinali zoona, koma chifukwa chake sindinkalemba. Sikelo ndi imene inatiulula. Mayi Sandra ataona kuti mwezi wachiwiri wotsatizana a Dokotala atsika, anaitana dokotala weniweni, ndipo anagwirizana zoti Lachitatu lotsatira apite kuchipatala akawalowetse kapaipi ka kamera kukhosi, aone chimene chikuwadya m'mimba.

Sabata yomweyo Julie, mwana wamkazi wa Mayi Doreen, akufunafuna magalasi m'chikwama cha mayi ake, anapeza mtolo wa makalata. Anawafunsa, iwo n'kumuyankha kuti za m'chikwama mwawo sizimukhudza. Julie anathamangira ku ofesi. Lachisanu masana Mayi Sandra anandiitana, n'kutseka chitseko, n'kuika kalata imodzi patebulo.

"Bambo Chimwaza, munthu wina akuwalembera Mayi Doreen makalata m'chilankhulo chachilendo. Mwana wawo akuopa kuti wina mwa antchito akufuna kuwapusitsa. Ndafunsa atsikana a ku Poland, akuti si chawo. Mayi Tembo akuti si chawo, koma ndi iwo amene amakonza chipindacho, ndiye ndiyenera kuwaimitsa kaye ntchito Lolemba pamene tikufufuza. Tayang'anani bwino. Kodi ichi si chilankhulo cha kwanu?"

Ana anga, ndaonapo zinthu m'dziko muno, koma sindinaganizepo kuti Mngerezi adzandionetsa Chingerezi cha agogo ake n'kundifunsa ngati chili Chichewa. Kuseka kunandifika pakhosi, koma kunabwerera nditaganiza za Mayi Tembo, amene anali ndi ana atatu pasukulu. Ndinayankha kuti si Chichewa, n'kupempha kuti andipatse mpaka Lolemba m'mawa.

Loweruka ndi Lamulungu sindinali pa shifiti, ndipo ndinazunzika. Malamulo a pantchito ankaletsa kunyamula chilichonse pakati pa okalamba popanda kulemba, ndipo ine ndinali nditachita zimenezo kakhumi ndi kamodzi. Kuulula kukanatha kundichotsetsa ntchito nditatsala zaka ziwiri kuti ndipume, ndipo munthu wochotsedwa pa nkhani yokhudza okalamba salembedwanso pena. Kukhala chete kukanaimitsa mnzanga wosalakwa, n'kutumiza nkhalamba kukameza kapaipi chifukwa cha matenda amene kamera singawaone. Komanso ndinali nditalumbira kwa munthu amene analibe wina aliyense padziko womuuza zakukhosi. Mayi anu anangoti, "Mukudziwa kale chochita, mukungofuna wina akuuzeni kuti musachite."

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinakwera basi, ndili ndi jekete langa lomwelo, n'kukagogoda pa chipinda 12. Ndinawafotokozera a Dokotala zonse, n'kuwapempha kuti andimasule.

"Munalumbira," anatero. "Dzina la mayiyo lisayende m'kamwa mwa anthu."

"Likuyenda kale, ndipo likuyenda ndi bodza. A Dokotala, kwathu nkhoswe sayenda mobisala. Amavala jekete ngati ili, amapita dzuwa likuswa mtengo, amakhala pansi ndi abale a mkazi, n'kunena chimene wabwerera. Ndipo mundikhululukire, koma inu nomwe munandiphunzitsa za mtengo uja. Ine ndikuona ngati simukuteteza dzina la Mayi Doreen. Mukuopa kuti mphunzitsi wamkulu wa pa yunivesite angakanidwe ndi mayi wa masokosi anthu akuona. Kodi muzu uja munati ndi chiyani?"

Nkhope yawo inafiira. Anatembenukira kukhoma n'kunena kuti, "Tulukani." Sanandimasule.

Lolemba m'mawa ndinalowa mu ofesi n'kuulula zonse. Mayi Sandra anandiyang'ana cholembera chili m'manja.

"Mukundiuza kuti ichi n'Chingerezi?"

"Chenicheni, mayi. Chathu chino ndiye chobwera pambuyo."

"Ndipo sakudya chifukwa cha chikondi?"

"Eya."

Anatsegula kabati, n'kuyang'ana mafomu ake onse imodziimodzi, n'kutsekanso. "Palibe fomu ya zimenezi," anatero ndi mawu ofooka. Koma fomu ya ine inapezeka. Anandipatsa kalata yondichenjeza komaliza, yoti ndikadzalakwanso kamodzi ntchito yatha, ndipo ndinasaina osatsutsa, chifukwa kubisa chimene chinkamuwondetsa munthu miyezi iwiri kunali kulakwa ndithu. Mayi Tembo anapitiriza ntchito.

Masana ake kunali mitingi ndi Julie. Anayamba mwaukali, kunena kuti mayi ake ndi munthu wofooka wofunika kutetezedwa. Ali m'kati molankhula, chitseko chinatseguka, Mayi Doreen n'kulowa akukankha chogwirira chawo choyendera.

"Wofooka ndani? Julie, ndinakulera ndekha ndikuima pamakina maola khumi. Bambo ako atamwalira palibe mwamuna anandilemberapo ngakhale positikhadi. Lero wapezeka wondilembera masamba anayi sabata iliyonse, iwe ukuitana mitingi? Bweza makalata anga." Kenako anatembenukira kwa ine. "Bakha wanga, n'zoona kuti chitsirucho sichikudya chifukwa cha ine?"

Nditavomera anati, "Katengeni mbale ya mbatata ndi nyama. Tiyeni."

Tinayenda pang'onopang'ono pakhonde lonse, iwo patsogolo, ine ndi mbale, Julie ndi Mayi Sandra pambuyo. Mayi Doreen sanagogode. A Dokotala atawaona anayesa kudzuka, n'kuyamba mawu aatali a Chingerezi chakale dzanja lili pamtima.

"Zimenezo mudzanena mukakhuta," anatero mayiwo. "Akuti mumati ndinu kapolo wanga. Chabwino. Idyani."

Anadya mbale yonse, mpaka kupukuta msuzi ndi buledi. Ulendo wa kuchipatala anauimitsa kaye, ndipo sikelo itayamba kukwera anaufafaniza. Koma ine a Dokotala sanandilankhule masabata awiri. Ndinkawasambitsa ali chete ngati mwala. Tsiku lina ndikuwathira madzi kumsana anati, "Ndakukhululukirani. Koma dziwani kuti m'mabuku akale anthu ophwanya lumbiro amaikidwa pansi penipeni pa Gehena."

"Ndamva," ndinatero. "Kwezani mkono ndipake sopo."

2018 mpaka 2019

Sanakwatirane. Mayi Doreen anati anachapa masokosi a mwamuna mmodzi ndipo zinakwana. Koma mipando yawo inasunthidwa n'kukhala pamodzi pawindo, ndipo ine ndinazindikira kuti ntchito ya nkhoswe imayamba pamene anthu agwirizana. Milandu inkabwera pafupifupi sabata iliyonse, ndipo Mayi Sandra anachita kutsegula tsamba lapadera m'fayilo kuti ndizilembamo.

Mlandu waukulu unali wa wailesi ya kanema. Mayi Doreen ankafuna sewero lawo la madzulo aliwonse, a Dokotala ankafuna pulogalamu ya mafunso imene ankayankha mokuwa asanayankhe opikisanawo. Nditawakhazika pansi, a Dokotala anayamba kufotokoza kuti akalewo anakangana kwambiri pa funso loti ndani ayenera kulamula pakati pa mwamuna ndi mkazi, ndipo anzeru mwa iwo anaona kuti chikondi sichikhala pamene wina akukakamiza mnzake, choncho aliyense azigonjera mnzake.

"Mwamva, bakha wanga?" anatero Mayi Doreen. "Akuti azigonja. Patseni rimotiyo."

Tsiku lina a Dokotala anawauza kuti ndi okongola kuposa akazi onse a ku Mangalande. Mayiwo anafunsa kuti akazi onsewo anawayang'ana liti, ndipo sanalankhulane mpaka Lachinayi. Koma ndinaonanso zina. Munthu amene kale ankagawira anzake machimo analeka. Anayamba kufunsa Mayi Tembo za mayeso a ana awo, ndipo pamene Mayi Doreen anadwala chibayo n'kugona masabata atatu, ankandipempha kuti ndiwakankhe pa wilutcheya mpaka pakhomo la chipinda chawo, n'kukhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya tiyi, osawerenga buku, osalankhula. Julie anawapeza pamenepo kangapo. Ulendo wachitatu anawabweretsera bulangeti la pamiyendo.

Ndinapuma ntchito kumapeto kwa 2019, msana utayamba kukana kunyamula anthu. Tsiku lomaliza anandigulira keke, Mayi Tembo analira, ndipo a Dokotala analankhula mawu otsanzikana kwa mphindi makumi awiri mpaka anthu atatu anagona. Pambuyo pake, iwo atapita kukapuma, ndinakhala pawindo ndi Mayi Doreen, n'kuwafunsa funso limene linkandivuta kuyambira kale.

"Mayi, makalata aja munawamvako?"

"Ngakhale liwu limodzi," anatero.

"Nanga bwanji simunawapemphe kuti akumasulireni?"

"Kuti atani? Akhoza kupezeka kuti amanena za nyengo." Anaseka, kenako anatambasula dzanja lawo patebulo. "Inu mumawapaka mankhwala m'zala m'mawa uliwonse. Mwaziona mmene zinapindikira ndi nyamakazi. Munthu amene amalephera kumanga batani la shati yake, kugwira cholembera mpaka masamba anayi. Ine ndagwira ntchito ya manja moyo wanga wonse, bakha wanga, ndikudziwa kuwawa kwake. Kalata yoyamba ija nditangoona kuchuluka kwa masamba, ndinadziwa zonse."

Zala zimenezo ndinali nditazigwira zaka zitatu ndipo sindinaganizepo zimenezo. Mayi Doreen anandikankhira mbale ya keke yotsala.

"Kulungani iyi mukapatse akazi anu," anatero. "Ndipo muthamange, basi yanu ija sidikira."